Tsiku limene kompyuta inada

Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira kuti atate anga anavula chipewa kupepesa mlandu umene kunalibe.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinkagwira ntchito yotayipa mu ofesi ya mpingo wathu ku Chipata. Ofesiyo inalandira kompyuta yopinda ngati buku, mphatso yochokera kunja. Bwana wathu, kalaliki wamkulu, anaika lamulo lakuti kuyatsa nkwawo, kupukuta nkwanga. M'mawa uliwonse ankaiyatsa okha, kenako nkundiitana kuti ndipukute mabatani ndi kansalu, monga tinkachitira ndi makina akale otayipira. Fumbi ankaliopa kuposa tchimo.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala ndinapukuta mwamphamvu, chifukwa fumbi linali litalowa paliponse. Ndikupukuta choncho, galasi la kompyutayo linayamba kuzilala, mpaka linada bii. Pawindo dzuwa linali ng'aa, ndipo zilembo sizinkaoneka n'komwe.

“Iwe mwana, waipha!” anakuwa bwana. “Manja yako ni yolimira mbalala kumunda ku Madzimoyo, osati ya mu ofesi!”

“Koma abwana, nenze kupukuta cabe monga munaniuzira.”

“Cokapo apa! Ukabwere tikakuitana.”

Nkhani ya mumpingo siichedwa. Pofika Lamulungu, komboni yonse ya Nabvutika inali itamva kuti mwana wa aphunzitsi waononga katundu wa tchalitchi. Atate anali mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, munthu amene dzina lake ankalisamala kuposa malaya ake. Lolemba anavala jekete lawo lokhalo, nkupalasa njinga mpaka ku ofesi. Ine ndinaima pakhomo. Ndinawaona atagwira chipewa ndi manja awiri pamaso pa munthu amene iwo anamuphunzitsa kulemba dzina lake ali mwana, akuti, “Mutikhululukire, mwana walakwa.” Ndinapsa mtima mpaka misozi.

Patapita sabata ziwiri bwana anandiitana, osati chifukwa cha chisoni ayi, koma makalata anali ataunjikana. Tsiku lomwelo kunabwera mlamu wawo, mayi wina amene ankakonza mapepala a madalaivala a magalimoto akuluakulu pamalire a dziko ku Mwami. Bwana anamuonetsa maliro aja a kompyuta. Mayiyo anasuzumira pafupi, nkuseka.

“Alamu, iyi siinafe. Mwaicepetsa cabe kuwala.”

Anagwira batani lina la pakona, nkudina kangapo lina lokhala ndi kachithunzi ka dzuwa. Galasi linawala, kalata ya bwana ili pomwepo. Anafotokoza kuti mabatani awiriwo akakanikizidwa pamodzi kuwala kumakwera kapena kutsika, ndiye kompyuta sapukuta ili yoyaka. Ndinayang'ana bwana. Iwo ankayang'ana kudenga.

Mlendo atapita ndinalimba mtima. “Abwana, mukawauze atate kuti sininaononge.”

“Madzi akatayika saoleka, mwana iwe. Tayipa makalata.”

Lamulungu lotsatira bwana analengeza m'tchalitchi kuti Mulungu wayankha mapemphero, makina achira. Anthu anaomba m'manja. Za ine sanatchulepo kanthu, ndipo za lamulo lawo lopusa lija, ziii.

Pobwerera kunyumba ndinawafotokozera atate zonse, za mabatani awiri ndi za kadzuwa kaja. Ankayenda akukankha njinga, akumvetsera mwachifatse. Ndinkadikira kuti akwiye nane limodzi, ngakhale pang'ono pokha. Titafika pachipata anatsamiritsa njinga, nkundiyang'ana mwachikondi.

“Tithokoze kuti akukhululukira, mwanawanga. Uzisamala popukuta.”