Uthenga umene a Luckness sanaunene

A Luckness ndi achemwali anga, mwana wa amayi aakulu. Ine ndikuona kuti mbiri yawo ikuyenera kulembedwa, chifukwa pa Nselema ponse pano palibenso wina amene anagwirapo ntchito m'bungwe lokhala ndi maofesi m'mayiko makumi anayi. Poti mayeso a Fomu 4 ndinalemba kale ndipo ndikungokhala, ndailemba ndine.

Bambo awo, malemu a Samson, ndiwo ankayendetsa mauthenga a mpingo pa njinga. Ukwati, maliro, msonkhano wa amayi a mvano, zonse zinkadutsa pakamwa pawo. Ankaphunzitsa ana awo kuti uthenga suponyedwa ngati mwala: umafika, umakhala pansi, umapereka moni, kenako n'kunena. A Luckness anakula nazo zimenezi, anapita nazo ku koleji, n'kubwera nazo pamodzi ndi dipuloma. Zaka zitatu anagulitsa zitumbuwa pamsewu, chifukwa kulikonse kofunsira ntchito ankawabweza kuti alibe pomwe anagwirapo.

Chaka chatha bungwe lija linawatenga ku ofesi yake ya ku Liwonde kuti aphunzire ntchito miyezi isanu ndi umodzi. Ntchito yake inali yofalitsa nkhani za bungwe pakati pa antchito okhaokha. Antchitowo analipo asanu ndi anayi, zipinda zitatu, khonde limodzi. Mwezi uliwonse a Luckness ankalemba kalata ya nkhani n'kuitumiza pa imelo. Abwana awo, mayi wina wa kulikulu kunja, ankangooneka pa kompyuta, ndipo anali ndi makina oonetsa amene atsegula kalatayo. Anawauziratu kuti tsiku limene anthu asanu ndi awiri adzaitsegule, adzawalembera kalata ya umboni. Kupanda apo, iyayi.

Koma mwana wa a Samson akanatumiza bwanji uthenga kwa akuluakulu asanapiteko yekha? Asanadine batani lotumizira kalatayo ankamanga chitenje n'kuyenda desiki ndi desiki. Kugwada, moni, kunyumba kwacha bwanji, ana, chimanga, kenako kalata yonse pamtima, ndime ndi ndime. Anthu ankawakonda zedi. A Uladi, adalaivala, ankachita kupempha kuti, "Achemwali, tabwerezani paja pa tchuthi." Ndiye munthu wamva kale zonse, atsegulirenji? Miyezi isanu makina aja ankangoonetsa ziro.

Abwana anafika pokayikira ngati ku Liwonde kulidi anthu. Tsiku lina anauza a Luckness kuti anyamule laputopu azungulire nayo ofesi yonse, iwo aone mitu. Anaiwerenga, inakwana. Atamva chimene chinkachitika, analamula kuti mwezi womalizawo asatchule ngakhale liwu limodzi la m'kalatamo.

A Luckness anamvera, koma kusapitako n'kumene kunawakanika. Lolemba m'mawa anadina batani, anamanga chitenje, analowa mwa a Rose, mkulu wa ofesiyo, n'kugwada. Poti analibe chonena, anangowerama. Manyazi anawagwira mpaka misozi inalengeza.

"Luckness, kwagwanji?" anafunsa a Rose.

"Sindingathe kunena ndi pakamwa panga, amayi. Zili m'kompyuta."

A Rose anagwira pamutu. "Mayo ine! Ndani?"

Koma a Luckness anali atadzuka kale, kukagwada chimodzimodzi pa desiki ina.

Kwathu kuno munthu akafika n'kukhala pansi, n'kuwerama osanena kanthu, aliyense amadziwa chimene chabwera. Pomakwana 9 koloko ofesi yonse inali kulira. A Uladi anayamba kumasula mipando yakumbuyo m'galimoto kuti bokosi likwane. Wina anaimbira akazi awo ku Balaka kuti asapite kumsika. Amene anaiwala pasiwedi ankakuwa kuti awathandize msanga.

M'kalatamo munali nkhani ziwiri. Chizindikiro cha bungwe chasintha mtundu, kuchoka pa buluu kupita pa buluu wina. Komanso aliyense azitsuka yekha kapu yake.

"Ndiye wamwalira ndani?" anafunsa a Uladi, sipanala ili m'manja. Anaitsegulanso kachiwiri, kachitatu, kufunafuna dzina kumunsi kwake. Enanso chimodzimodzi.

Madzulo ake makina anaonetsa kuti anthu onse asanu ndi anayi atsegula kalatayo, maulendo 41. Abwana anati m'mayiko onse makumi anayi zoterezi sizinachitikepo, ndipo anapempha a Luckness kuti alembe njira imene anatsata, maofesi ena atengerepo phunziro. A Rose sanalankhulenso ndi a Luckness mpaka tsiku lotsanzikana, ndipo mipando ya m'galimoto a Uladi anaibwezera akung'ung'udza m'Chiyao.

Kalata ya umboni inabwera, ya masamba awiri, ndipo ine ndaiwerenga kanayi. Chifukwa cha kalatayo a Luckness awaitana ku mafunso a ntchito ku Balaka Lachinayi likubwerali. Anayankha pa imelo kuti afika. Dzulo anamanga chitenje, n'kukwera minibasi ya ku Balaka kukawauza pamaso.