Mitundu Kapena Nathenje, Nachisale?

Kwathu tinkadzuka ndi kulira kwa nyundo pa lata. Atate anali mmisiri wokhoma zidebe, ndipo ankayamba ntchito mame asanakamuke, atakhala pa chitsa kuseri kwa nkhokwe, kachidutswa ka njanji kali pakati pa miyendo yawo. Ankakhoma ndowa, mbaula, makoloboyi ndi makheni othirira fodya kunazale. Pakhomo ponse pankamveka fungo la dzimbiri, makala ndi mtovu wosungunuka, fungo lokanda pakhosi limene linkalowerera mpaka m'mabulangete. Amayi ankakonda kunena kuti akazi anzawo anakwatiwa ndi amuna, koma iwo anakwatiwa ndi phokoso.

Amayiwo anamwalira m'dzinja, chimanga chikumasula. Ine ndinali ndisanakwane zaka khumi, ndipo ndinali mwana yekhayo amene anatsala, poti abale anga awiri anatisiya ali makanda. Mudzi umene tinkakhala unali wa amayi, chapakati pa Mitundu ndi Nathenje, pamene atate anali mkamwini wochokera ku Malingunde. Aliyense ankadziwa chimene chinali kubwera. Anthu akakolola adzafulula mowa womalizira maliro, atate adzasudzulidwa, nyumba ya malemu idzagwetsedwa monga mwa mwambo, ndipo iwo adzamanga nyundo zawo pa njinga. Mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Ku Malingunde kunalibe choti abwerere, chifukwa minda anali atagawana kale alongo awo. Funso linatsala limodzi, ndipo ndinkagona nalo n'kudzuka nalo: kodi ine ndipita ndi atate, kapena nditsala?

Mwini yankho anali atsibweni anga a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi, amenenso anali mwini mbumba. Sindinganame kuti anali munthu woipa. Anali wamtali, wofatsa, wolankhula ngati mawu amachita kugula. M'mawa wina, nyengo ya mphepo itangoyamba, atate anakawapeza akukonza goli la ng'ombe, ine ndikusenda mtedza chapafupi. Ananjuta, chipewa chili pabondo.

"Alamu, ndimati mwanayu ndidzapite naye. Ndatsala nayetu yekhayu."

Atsibweni anaika goli pansi, kenaka anati, "Zamveka, alamu. Kaoneni kaye kokakhalako. Tidzakambirana maliro akatha."

Ine ndinamva kuti alola. Ndinaona kuti ntchito yatsala ndi yophweka: tipeze malo abwino, atsibweni akhutire, basi. Chilimwe chonsecho ine ndi atate tinachithera pa njinga, kuyerekeza Mitundu ndi Nathenje.

Ndinkakhala pakaliyala, pa chitenje cha amayi chopindapinda, ndowa zitamangidwa uku ndi uku n'kumandigunda m'miyendo. Popita ku Mitundu tinkayenda phiri la Bunda lili patsogolo, kudutsa minda yokololedwa, mapesi ali mbwee, ndi zigafa za fodya zopanda kanthu. Msika unkayamba kumveka usanaoneke: ng'ombe kulira, ngolo kukwekwesa, amayi kuitanira. Pachipata pankaima anyamata a malaya ofiira ofunsa khadi la chipani, ndipo atate ankalitulutsa m'chipewa asanafunsidwe n'komwe, maso ali pansi. Mukati munali fumbi lofiira lolowa m'mano, fungo la matemba, la nzimbe ndi la mbuzi yowamba. Anthu a ku Mitundu anali alimi enieni, a manja okhakhala, amene ankagogoda kheni ndi chala, kuiyang'ana padzuwa, n'kuigula. Vuto linali lakuti okhoma zidebe analipo kale mzere wathunthu pansi pa mitengo, ndipo ankatiyang'ana ngati tadzawalanda nkhuku.

Ku Nathenje kunali dziko lina. Kumeneko kunkadutsa msewu waukulu wa tala, wakuda, wotentha kumapazi, wonunkha phula dzuwa likakula. Mabasi a ku Lilongwe ndi a ku Dedza ankaima n'kupuma ngati nyama zotopa, anthu n'kumagula nthochi pawindo. Panali sitolo ya Che Amidu, Msilamu wachikulire wa ndevu zoyera ndi kachipewa koluka, amene ankagula makoloboyi kwa atate. Iwowa anauza atate kuti khonde lawo lili chabe, atha kumakhomerapo, ndipo kuseri kuli kachipinda kosungiramo matumba koti tingagonemo. Wokhoma zidebe kunalibe ngakhale mmodzi. Sukulu inali pafupi, chitsime chinalinso pafupi. Ine ankandipatsa switi yofiira nthawi iliyonse, n'kumanditchula kuti mwana wa mmisiri.

Munthu wina akanasankha tsiku lomwelo, koma osati atate. Pobwerera ankapalasa akudzitsutsa okha. Ankati ku Nathenje kulibe mpikisano, inde, koma ndani anagulapo ndowa pawindo la basi? Wapaulendo sathirira fodya. Tikafika patchire, pamene panalibe ngakhale mbuzi yotimvera, ankatsitsabe mawu n'kunena kuti pamsewu paja akuluakulu akamadutsa masitolo amatsekedwa, anthu n'kuima m'mphepete kuomba m'manja mpaka dzuwa kupendeka, ndiye munthu angakhome nthawi yanji? Mawa lake ankati ku Mitundu ndiye kuli ogula, koma khumi pa mbale imodzi sakhuta. Ankalawa madzi a m'zitsime za konse kuwiri. Ankafunsa za nkhuni, za akuba, za kumene lata lotha ntchito limapezeka, za chipatala ndi za aphunzitsi ngati amakwapula kwambiri. Ankayeza ngakhale mphepo, n'kumati ya ku Nathenje imachokera ku Dedza, ingandipatse chifuwa.

Amayi a m'mudzi ankatiseka tikamafika madzulo, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. "Lero mwasamukira kuti, a Chisale? Samalanitu, mapanga awiri avumbwitsa." Atate ankangomwetulira. Ine zinkandinyansa. Ndinkaona masiku akutha, mitengo ya mango ikuchita maluwa, chimera cha mowa chitayanikidwa kale pamphasa kwa atsibweni, koma munthu wamkulu akulephera kusankha pakati pa malo awiri okha. Ndinkaopa kuti tsiku lidzafika tilibe chowauza.

Tsiku lina tikuchokera ku Nathenje, tayala linaphwa ndipo tinakhala pansi pa mkuyu atate akumata chubu. Kunkatentha, nyenje zikulira. Anaviika chubu m'madzi a m'ndowa kufuna pobooka, ndipo osandiyang'ana anandiitana ndi dzina la mfunda wawo, monga ankachitira akafuna kunena zenizeni.

"Nachisale, nanga mwini wake ukuti bwanji? Mitundu kapena Nathenje?"

Sindinachedwe. Ndinati Nathenje. Zifukwa zanga zinali zachibwana: mabasi, switi yofiira, ndi atsikana awiri amene ndinawaona akuchokera kusukulu atavala nsapato. Atate anagwedeza mutu ngati ndanena zanzeru kuposa zawo zonse. "Basi, yatha. Anena amayi," anatero, kutanthauza ine.

Masabata otsatirawo ndiwo anali okoma kuposa onse chimwalirire amayi. Tinakasesa kachipinda ka Che Amidu, tinathamangitsa makoswe, atate n'kumata ming'alu ndi dothi. Anandikhomera kabokosi ka lata koikamo zovala, kokhala ndi chogwirira komanso kotsekera, ndipo anakapaka utoto wobiriwira wotsala pa ngolo ya munthu wina. Ndinaikamo madiresi anga awiri, chipeso ndi mpango wa amayi. Ndinatsanzika anzanga onse, ena kawiri. Ndinkayenda m'mudzi ngati munthu wa pamsewu kale, ndipo palibe wamkulu amene anandikhalitsa pansi kundiuza kanthu. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, ankangondiyang'ana n'kutembenukira kumbali.

Tsiku losudzula linafika kutentha kutafika pachimake, mitambo ikusonkhana masana n'kubalalika madzulo. Mowa unali m'mitsuko pansi pa mango, ankhoswe a mbali zonse atakhala pamphasa, amayi chapatali miyendo itatambasulidwa. Ankhoswe anayamikira atate kuti anakhala bwino pamudzi, sanatukwane munthu, anadwazika mkazi wawo mpaka kumapeto. Kenaka anawauza kuti awamasula, atha kupita kulikonse, ngakhale kukakwatira, mudzi ulibe nawo chifukwa. Atate anaomba m'manja, napempha kulankhula. Anafotokoza za Nathenje mwadongosolo, monga munthu woonetsa ndowa kuti sikudontha: khonde lilipo, chipinda chilipo, sukulu ili apa, chitsime chili apo, ndipo akazi a Che Amidu avomera kumandiyang'anira. Sindinawamvepo akulankhula nthawi yaitali chotero. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, kabokosi kali pamwendo.

Atsibweni anamvetsera zonse osawadula. Atatha, anatsokomola pang'ono.

"Mwalankhula bwino, alamu, ndipo mwavutika. Koma pamsewu paja si polerera mwana wamkazi. Komanso munda wa mlongo wanga adzalima ndani? Uyu ndiye mbewu yatsala ya nyumba imeneyi. Anapiye satsata tambala."

Ndinadikira kuti atate akalipe, kapena anene kuti ngati pamsewu sipabwino, tipita ku Mitundu. Sanatero. Anawerama, naombanso m'manja pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Zikomo." Mawu amodzi okhawo. Mtima unandiwawa mpaka ndinalephera kulira. Madzulo ake anyamata anakwera padenga n'kusasula udzu, ena anakankha zipupa, ndipo nyumba imene ndinabadwiramo inagwa ndi fumbi lonunkha mwaye. Amayi aang'ono anandigwira dzanja n'kupita nane kwawo.

Atate ananyamuka m'mawa mwake. Anamanga nyundo, lumo la malata ndi kanjanji kaja pakaliyala pamene ndinkakhala ine. Anandisisita kumutu n'kundiuza kuti ndizimvera. Atafika pamphambano ya kunja kwa mudzi, sanakhotere njira ya ku Nathenje. Analowera ku Mitundu.

Pamenepo ndinamvetsa zonse, kapena ndinaganiza choncho. Atsibweni anakana chifukwa cha msewu, ndipo wosankha msewu ndinali ine. Atate ankafuna Mitundu kuyambira kale, si uko alowera? Ndikanangoti Mitundu pansi pa mkuyu paja, bwenzi ndili pa njinga. Ndinagulitsa atate anga ndi switi yofiira. Sindinauze munthu, koma ndinkadana ndi pakamwa panga.

Mvula inagwa. Amayi aang'ono anachira mwana wamwamuna, ine n'kukhala mlezi. Anthu a m'mudzi mwathu ankagulitsa mtedza ndi nyemba zawo ku Mitundu, ndipo tsiku lililonse la msika ndinkapempha kupita nawo. Yankho linali lakuti mwana atsala ndi yani, kapena mtsinje wadzaza, kapena sabata yamawa. Obwera kumsika nthawi zina ankandipatsira chitumbuwa chokulunga m'tsamba chochokera kwa atate, tsiku lina kakoloboyi kakang'ono ngati dzira. Ndikafunsa kuti ali bwanji, ankati ali bwino, koma malonda ndiye ayi.

Ndinapita anthu atayamba kukolola, nditasenza dengu la mtedza wa amayi aang'ono. Ndinathamangira kumzere wa okhoma zidebe, koma atate kunalibe. Mmodzi anandilozera kunja kwa msika, pamene njira yochokera kwathu imatulukira. Pamenepo ndinapeza mayi wogulitsa matemba, ndipo anandiyang'anitsitsa.

"Ndiwe Nachisale? Mayo, mwana iwe. Anapitatu ndi lole ya ku maesiteti a fodya ku Kasungu, mwezi wathawu. Njala inawakwana. Ankakhala pomwe waimapo, atafulatira msika, maso ali kunjira ya kwanuko. Ife tinkawaseka, timvekere, bambo, ogula ali kumbuyo kwanu! Iwo ankangoti akudikira mlendo."

Sindinawaonenso. Uthenga wa imfa yawo unatipeza ndili kale ndi mwana wangawanga kumbuyo, ndipo manda awo sindikuwadziwa.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti panali yankho lolondola ndipo ine ndinaliphonya. Lero ndakalamba m'mudzi womwewo, ndalima munda wa amayi mpaka msana kupindika, ndipo ndakhalapo pamphasa akamwini ena akusudzulidwa. Ndikudziwa tsopano kuti wamkulu akati tidzakambirana maliro akatha, wakana kale, kungoti munthu wolira sakanizidwa pamaso. Ndikanati Mitundu, atsibweni akanati kumsika si kolerera mwana wamkazi. Atate anali Mchewa, zimenezi ankazidziwa kuposa ine, ndipo n'kutheka kuti ankachedwa dala kusankha kuti maulendo a pa njinga asathe msanga. Anayeza madzi, mphepo, sukulu ndi ogula chilimwe chonse, koma atatsala okha anasiya khonde laulere ndi malonda opanda mpikisano, n'kukakhala padzuwa pamene panalibe chowadyetsa. Malo onse awiri anawayeza ndi chinthu chimodzi chokha: njira imene mwana wawo angadutse atasenza dengu. Ine ndinadutsadi, koma patapita mwezi iwo atachoka.