Mchere Umene Sindinathire

Pali chinthu chimene sindinauzepo aphunzitsi anzanga, ngakhale amayi a ku yunivesite amene ananditsegulira njira. Anthu amanditama kuti pa phunziro la sayansi ndimasiya ana kuti agwire okha zipangizo. Zoona zake n'zakuti tsiku limene ndinayamba kutero ndinkaopa mchere.

Ndinali nditangobwerera kuntchito nditabereka mwana wanga woyamba. Kwathu ndi ku Katete, koma boma linanditumiza ku Chama nditangolandira satifiketi ya uphunzitsi, ndipo ndinakwatiwa komweko ndi Msenga wa ku Kambombo. Apongozi anga anabwera kudzandithandiza kulera khandalo. Anali munthu wanthabwala, wokonda fodya wa m'mphuno ndi tiyi wa shuga wambiri, koma pa nkhani imodzi sankaseka. Mayi wa khanda sathira mchere m'chakudya cha anthu mpaka mwana atayamba kukhala yekha, akuluakulu n'kuchita zamwambo. Akathira, odyawo amatupa, ndipo mwana amagwidwa ndi chifuwa chosamva mankhwala. Ndiwo ndinkaphika ine, mchere ankathira iwo.

Kukoleji zimenezi tinkaziseka. Koma kuseka n'kosavuta usanabereke. Wanga akangotsokomola kamodzi, ndinkayamba kukumbukira chilichonse chimene ndagwira tsikulo.

M'nyengo yotentha ya chaka chimenecho ahedi athu anatiitana mu ofesi. Anati kukubwera mayi wina wa ku yunivesite ku Lusaka, mkulu wa gawo lophunzitsa aphunzitsi a sayansi ndi masamu. Ankayenda m'masukulu akutali kufuna aphunzitsi a pulayimale oti aziphunzira pa holide mpaka atatenga dipuloma. Pasukulu pathu ankafuna mmodzi, ndipo ankasankha ataona munthu akuphunzitsa. Ine ndinaufuna malowo kuposa mmene ndinkasonyezera. Ndinkaopa kuti ndikalamba ndi kasatifiketi komweko, ndikulemba pabolodi zinthu zimene sindinaziyesepo ndi manja anga.

Ahedi anandipatsa mutu wa m'silabasi ya giredi sikisi: kulekanitsa mchere ndi mchenga. Umasakaniza ziwirizo, kuthira madzi, kusefa, kenako kuwiritsa madziwo mpaka mchere utatsala wokha. Kukoleji anatiphunzitsa kuti mphunzitsi amaima kutsogolo n'kuchita zonse, ana akuyang'ana.

Nditafotokoza kunyumba, apongozi anakwinya nkhope, koma bambo a mwana anaseka.

"Amayi, imeneyo si ndiwo. Ndi sukulu."

Apongozi anafunsa m'Chisenga chawo, akundiyang'ana ine osati mwana wawo. "Anawo adzalawa?"

"Pang'ono chabe, amayi. Kuti atsimikize kuti ndi mchere."

"Moto ulipo?"

"Mbaula."

"Mchere, madzi, moto, pakamwa. Iwe wophunzira, ndiwo ndi chiyani?"

Bambo a mwana anatuluka akuseka, akuti milandu ya akazi sailowa. Ine ndinatsala ndi khanda pamiyendo, ndikuliyang'ana kachifuwa kake kakukwera n'kutsika. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti mchere ndi mchere. Koma ndinkadziwanso kuti mwanayo akadzadwala mwezi wotsatira, ngakhale malungo wamba, sindidzadzikhululukira.

Mlendoyo anafika ali mbuu ndi fumbi la msewu wa ku Lundazi. Ndinkayembekeza munthu wa suti, koma anali mayi wamfupi wa imvi, atamanga chitenje, ku mapazi nsapato za kanivasi. Anakana mpando wa ahedi n'kukakhala pabenchi yakumbuyo ndi ana. Apongozi anali atabwera ndi mwana kuti ndidzayamwitse pa buleki. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, pamalo oti akakweza mutu ankaona tebulo langa pawindo.

Ndinaima kutsogolo. Patebulo panali mbale ya mchere, ndowa ya mchenga, mabotolo odula pakati ndi zivindikiro za zitini. Ndinapinda manja kumbuyo kuti ndisakhudze mcherewo.

"Lero ine sindigwira kanthu," ndinatero. "Sakanizani mchere uwu ndi mchenga. Kenako mundibwezere mchere wanga woyera."

Ana anandiyang'ana ngati ndadwala. Mtsikana wina wamtali wa kutsogolo anati, "Madamu, tichite bwanji manje?"

"Sindikudziwa. Mchere ndi wanga, vuto ndi lanu."

Kunayamba chipwirikiti chimene sindinachionepo m'kalasi mwanga. Anyamata a gulu lina anayamba kutola mchere kamodzikamodzi ndi kamtengo. Ena anayesa kupeta pa chikuto cha buku, mchenga n'kuwalowa m'maso. Mwana atalira panja ndinamva mkaka ukunyowetsa bulauzi. Ndinakoka chitenje n'kuphimba pachifuwa. Mumtima ndinati basi, dipuloma yapita.

Kenako mtsikana wamtali uja anauza anzake kuti, "Tichite ngati chidulo." Ankanena madzi a phulusa aja amene amasefa ophikira therere. Anathira madzi m'chosakanizacho, kutakasa, n'kumanga kansalu kukamwa kwa botolo. Madzi anayamba kudontha, mchenga n'kutsala pamwamba. Magulu ena ataona anathamangira kuchitsime. Mnyamata wina anakuwa kuti mchere wasowa, atsikana auba. Mtsikanayo anamuviika chala m'madzimo n'kumulowetsa m'kamwa.

"Wapezeka?"

"Wapezeka," anatero akulavula.

Nditayang'ana kumbuyo, benchi ya mlendo inalibe munthu. Mayiyo anali atagwada pansi pafupi ndi mbaula, akukupiza makala ndi kabuku kake, akukangana ndi ana ngati nthunzi ikuthawa ndi mchere kapena ayi. Madzi atauma pachivindikiro, panaoneka timiyala toyera m'mbalimbali. Kalasi yonse inaimba m'manja, ine ndemwe ndinaiwala mantha n'kuseka nawo.

Apa mpamene mlendo uja anaimirira n'kutenga supuni.

"Aphunzitsi, taonetsani ana. Mukapitiriza kuthira mchere m'madzi omwewa, usungunukabe?"

Anandilozetsa supuniyo, mbale ya mchere ili kudzanja lina. Pawindo ndinaona duku la apongozi. Anali ataimirira, mwana ali kumsana. Manja anga anakana kuchoka kumbuyo.

"Madamu," ndinatero, "ndikawaonetsa ine aiwala. Funso limenelo apatseni eni ake."

Mlendoyo anapereka supuni kwa mnyamata uja wolavula. Anathira, kutakasa, kuthiranso, mpaka mchere unakana kusungunuka n'kukhala pansi pa botolo. Ana anayamba kutsutsana chifukwa chake, belu linalira iwo osamva.

Titatuluka mayiyo anandigwira mkono.

"Mwana wanga, aphunzitsi ambiri manja amawayabwa. Ndimatha chaka chonse kuwapempha kuti asiye supuni. Iwe anakuphunzitsa ndani kupinda manja chonchi?"

"Apongozi anga, madamu."

Sindinaname. Ndinkaganiza kuti zithera pomwepo, koma iye anafunsa kuti ali kuti. Anapita pansi pa mango paja, kugwada, kuomba m'manja, n'kundiuza kuti ndimasulire chifukwa Chisenga sankachimva.

"Auze kuti ndathokoza. Afotokoze, n'chifukwa chiyani anakuuza kuti usagwire?"

Ndinamasulira. Apongozi anafwenthera kaye fodya wawo n'kunena kuti, "Muuze kuti ndiwe mkamwana womvera. Sunathire mchere, ana a eni sadzatupa, mdzukulu wanga sadzatsokomola. Umufunsenso ngati iye anabereka, nanga bwanji amakupatsa supuni?"

Mayiyo ankandiyang'ana akumwetulira, akudikira. Ndinatembenukira kwa iye n'kunena kuti:

"Akuti mwana amene amangoonerera saphunzira kuphika, madamu. Akuti mwawakondweretsa."

Analemba m'kabuku kake kopsa m'mphepete. Kenako anapempha kunyamula khanda, ndipo linamusanzira paphewa. Apongozi anati ndiye kuti lamukonda. Zimenezo ndinamasulira ndendende.

Malo aja anandipatsa. Holide yoyamba ndinapita ku Lusaka mwana ali kumsana, atayamba kale kukwawa, zamwambo zitachitika, ine ndikuthira mchere m'ndiwo zanga mwaufulu. Zinali zaka zokoma. Ndinagwira maikulosikopu koyamba, ndinaona timadontho ta madzi a m'dambo tili ndi zamoyo zosambira. Masamu amene ndinkawathawa anayamba kundimvera, chifukwa mayi uja ankatipinditsa mapepala ndi kutiyezetsa mithunzi ya mitengo m'malo motilembera pabolodi. Mwana wanga ankagona pachitenje kumbuyo kwa kalasi, ndipo mayiyo ankatsitsa mawu akamadutsa pamenepo.

Koma gulu lililonse latsopano likafika, ankaima kutsogolo n'kusimba za agogo a ku Chama amene sanapite kusukulu koma anaphunzitsa mkamwana wawo kuti mwana woonerera saphunzira kuphika. Ankandiloza, anthu n'kuimba m'manja. Ine ndinkangomwetulira. Kangapo ndinafika pakhomo la ofesi yake kuti ndiulule, n'kubwerera. Ndinkaopa kuti aona mphunzitsi wa sayansi woopa supuni ya mchere, n'kuganiza kuti analakwitsa kusankha. Mwina akanangoseka mpaka misozi, chifukwa ndi mmene alili.

Apongozi ndinawauza zonse, za bodza langa pomasulira ndi za kutchuka kwawo ku Lusaka. Anafunsa ngati yunivesite iwatumizira shuga.

Ana amene ndikuphunzitsa tsopano amasefa, kuyeza ndi kukangana okha, ndipo ndaona kuti njirayi ndi yabwinodi, ngakhale ndinailowera pakhomo lakumbuyo. Mwana wanga ndi wathanzi, akuthamanga. Koma mayi uja akusimbabe mawu amene apongozi sananene, ndipo aphunzitsi akuwalemba m'makope awo. Inu mukanakhala pansi pa mango paja, dipuloma ili mbali iyi, apongozi mbali inayo, mukanamasulira bwanji? Kodi ndinalakwa?