Ndevu za Bambo Ake a Lumo

Lumo ankadziwa anthu ndi mitu yawo, mayina ayi. Mukamufunsa za munthu, iye ankangoti wadazi uja, kapena wa chipsera kunkhongo uja, basi mwamvana. Dzina lakelo anamupatsa ndi makasitomala, ati dzanja lake silinachekepo munthu. Kumeta anaphunzira kwa bambo ake, amene anagwira ntchitoyi mpaka manja awo atayamba kunjenjemera, ndipo mpando ndi kalilole anasiyira iyeyo.

Mdalayo ankakhala kwa mlongo wake wa Lumo, kutsidya kwa msewu waukulu. Mphumu inkawazunza, koma chimene ankadana nacho kwambiri ndi ndevu. Ankati mwamuna wosameta ali ngati bwalo losasesa. Choncho m'mawa uliwonse, asanatsegule shopu, Lumo ankadzera komweko ndi lezala ndi sopo. Ankawagwira chibwano n'kuwaweramira nkhope ndi nkhope, iwo akumunyoza kuti akadali wophunzira.

Mliri wa chifuwa utagwa, boma linaika malamulo: masiki pakamwa, ndowa ya madzi pakhomo, m'shopu mulowe mmodzimmodzi. Wailesi inkatchula odwala ndi omwalira, dera ndi dera, ndipo dera la Lumo linkakwerakwera. Iye anamvera zonse, si munthu wa makani. Ndevu za makasitomala anasiya kumeta, nanga ndevu mungazimete bwanji munthu atavala masiki? Ankachita zonsezi poganizira chifuwa cha bambo ake.

Koma chisoni chinapha nkhwali. Kunabwera dalaivala wa minibasi, kasitomala wakalekale, akupita kukafunsira ntchito pa kampani ina. Anachonderera kuti amumete ndevu, ati sangakaonekere kwa mabwana ngati wotuluka kundende. Lumo anakana, anakananso, kenako anamuuza kuti avule masikiyo msanga. Ali mkati mometa, dalaivala uja anatsokomola, n'kunamizira fumbi la mumsewu.

Sabata isanathe, pa shopu panafika mayi wa zaumoyo, mmodzi wa aja boma linawatuma kulondola kumene kachilombo kadutsa. Anali wotopa, mawu atasasa. Ananena kuti dalaivala uja ali m'chipatala, akupumira makina, ndipo watchula shopuyi. Anafunsa za onse amene Lumo anawameta kuyambira tsikulo. Lumo anayamba kutchula mitu, ndipo mayiyo anaseka pang'ono, n'kumufunsa kumene mutu uliwonse umagwira ntchito. Anamupisa kathonje m'mphuno, anamuuza kuti atseke shopu akabindikire kunyumba, kenako anafunsa kuti, “Palinso wina amene mumamuyandikira kumaso, kupatula a m'nyumba mwanu?”

Lumo anayang'ana pansi n'kunena kuti palibe.

Musafulumire kumuweruza. Aliyense ankadziwa za matenti a kuseri kwa chipatala, kumene abale sankaloledwa ngakhale kusuzumira. Womwalirira kumeneko ankaikidwa ndi anthu ovala zoyera, osamudziwa n'komwe. Lumo anaona kuti akangotchula bambo ake, wawapereka yekha kumatentiko. Anadziuza kuti mwina kachilomboko kanamulambalala, ndipo bambo ake si kasitomala, sangawerengedwe.

Anadzitsekera m'chipinda chakumbuyo, mkazi wake n'kumamusiyira mbale pakhomo. Mlongo wake anamuimbira kuti bambo akufunsa ngati wometa wawo wathawa ntchito. Lumo anamuuza kuti atsegule mawindo, ana asamalowe kwa agogo awo, koma chifukwa chake sananene. Zakudya sizinkalowa. Foni ikalira, ankaithamangira.

Zotsatira zinabwera: anamupeza nako. Iye thupi linali bwinobwino, kungosowa fungo la sopo basi, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa kwambiri. Ngati iye sanamve kalikonse, nanga m'mawa muja monse ankawapumira chiyani bambo ake? Anaimbira mlongo wake, ndipo ali mkati molankhula anamva kutsokomola kumbuyo. Mphumu ya bambo ake ankaidziwa kuyambira ali mwana, imalira ngati kherere. Ichi chinali chifuwa chouma, chosadukiza.

Anaimbira mayi wa zaumoyo uja, n'kuulula zonse. Ankayembekezera kukalipiridwa, koma mayiyo anangopumira m'mwamba n'kufunsa njira ya kunyumbako. Anakayeza onse a pakhomopo. Mlongo wake ndi ana analibe, koma mdalayo anali nako, ndipo mpweya unali wotsika. Anayenera kupita kumatenti tsiku lomwelo.

Apa ndiye panavuta. Mdala uja anakanitsitsa kukwera ambulansi. Chipatala sankachiopa ayi, koma anati sangapite pakati pa anthu ndevu zili nyankhalala ngati wamisala. Mlongo uja anatenga lezala, iwo anamukankha dzanja. Pomaliza mayi wa zaumoyo anaimbira Lumo.

“Tikubwera kudzakutengani,” anatero. “Nonse muli nako, palibenso chopatsirana. Koma muchite changu.”

Lumo anawapeza bambo ake atakhala pakhonde, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Ena onse anaima patali. Lumo anagwada, anapaka thovu, anawagwira chibwano. Khungu linali lotentha, ndipo mpweya wawo unkatuluka modukizadukiza. Anafuna kupepesa, kufotokoza za dalaivala uja, koma bambo ake anamuuza kuti wometa salankhula lezala lili pakhosi pa munthu. Misozi inkamutchinga m'maso, moti ankapukuta ndi phewa.

Atamaliza, mdalayo anakweza dzanja lawo lonjenjemera lija, anasisita tsaya ili ndi ilo monga ankachitira masiku onse, n'kuima pansi pa khutu.

“Wasiya apa, iwe.”

Lumo anatolanso lezala, koma iwo anapukusa mutu n'kutambasulira mkono anthu a ambulansi kuti awadzutse.

“Zisiye. Udzamalize ndikabwera.”

Chitseko chinatsekedwa, ambulansi inakhota pa msewu waukulu. Lumo anatsala chogwada pakhonde paja, lezala lili m'manja, thovu likuuma m'zala.