Mthunzi wa Pamanda a Eliza

A Goliati anakulira mu utsi wa laimu, kumapiri a kufupi ndi Balaka. Ntchito yawo inali kuswa miyala, kuisanja pamwamba pa zipika za tsanya, kuyatsa, n'kudikira kuti ipse. Uvuni umodzi unkameza mitengo yoti mudzi wonse n'kuphikira chaka chathunthu. Iwo ankanyadira zimenezo, ngati kuti nkhalangoyo anadzala okha.

Cha m'ma 1980 alangizi a boma anadzamanga uvuni wamtali wa njerwa, wosunga kutentha, wofuna nkhuni zochepa, utsi wakenso wochepa. Koma unkafuna nkhuni zowazawaza, ndipo apa m'pamene panavuta. A Goliati anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti, "Iyayi bwana, tinkhuni timeneto n'ta amayi kukhitchini. Mwamuna amayatsa chipika." Anzawo anaseka n'kuwomba m'manja, uvuni uja n'kusanduka nyumba ya abuluzi. Uchitsiru wosaneneka, amuna akuluakulu andevu zawo kuwombera m'manja zimenezo!

Mitengo ya tsanya inatha psiti. Boma linaletsa kudula mitengo yachilengedwe popanda chilolezo, alonda a nkhalango n'kumalanda nkhwangwa. Mitengo ikuluikulu inangotsala kumanda. Kumeneko kunagona Eliza, mwana yekhayo wa a Goliati, patsinde pa mtengo waukulu wa tsanya. A Goliati ankapitako kukalambula, ndipo mtima unkakhala pansi poona kuti mwanayo ali pamthunzi.

Tsiku lina anapeza chitsa. Mtumbira unali padzuwa, mtanda utathyoka pomwe mtengo unagwera. Anathamangira kumauvuni, n'kupeza mlamu wawo Jasten akusonkhezera moto.

"Mwayamba kudula kumanda inu?" anakuwa a Goliati. "Mtengo wa mwana wanga? Mulibe manyazi?"

Jasten sanabise. "Alamu, alonda safika kumanda. Nanga ana anga adye miyalayi?"

A Goliati anatukwana mpaka mawu anasasa. Anazungulira uvuniwo, akukanda miyala yamoto ndi manja, kufuna kusolola ngakhale nthambi imodzi yokha. Koma unali wosanjidwa bwino zedi, monga mmene iwo eni anam'phunzitsira Jasten, ndipo panalibe pogwira. Anangoima pomwepo zikhatho zitawauka, n'kumaonerera mthunzi wa Eliza ukukwera m'mwamba uli utsi wakuda bii.