Mchere wa Abambo

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, titangosamukira ku Nkope kumene abambo anawatumiza kukaphunzitsa. Mango akachuluka, abambo ankafinya madzi ake m'mabotolo n'kuthiramo kaufa koyera kamene anakagula ku Blantyre. Ankati kamapha tizilombo tosasitsa zakumwa, ndipo zoonadi madziwo ankakhala miyezi osachita thovu. Vuto linali dzina. Ndikafunsa, ankayankha monyadira kuti, “Umenewu ndi mchere, mwanangu. Mchere wa potaziyamu.” Munthu wake anali wotero: pakhomo pomwe ankalankhula ngati wagwira choko.

Tsiku lina m'mwezi wa Ramadani, amayi atapita kokaphunzira nyimbo za chipani, kumene kunalibe kukana, kunabwera Abiti Saidi. Anali mayi woyandikana nafe, yekhayo amene ankacheza ndi amayi pamene ena onse ankatiyang'ana ngati obwera.

“Mwanache, tandipatsako kanjete. Mphika uli pamoto.”

Chiyao ndinali nditayamba kuchimva: njete ndi mchere. Wakukhitchini unali utatha. Kodi ndikanawabweza chimanjamanja, wina uli tayale m'chitini pamwamba pa kabati? Ndinakwera pampando n'kuwatapira dzanja lodzaza.

Madzulo banja lonse la Abiti Saidi, litasala kudya tsiku lathunthu, linapeza chambo chikununkha ngati machesi ongoyatsa kumene. Amuna awo anatsokomola mpaka misozi. Tisanadye n'komwe, mbiri inali itafika kudooko kuti mkazi wa aphunzitsi wathira mankhwala m'ndiwo za anzake. Amayi anakhala pakhonde n'kulira.

Nditaulula kuti ndine ndinawapatsa kaufa kaja, abambo anathyola kamtengo. “Unaganiza bwanji kuti ndi mchere?”

“Munanena ndinu.”

“Inde ndi mchere, koma si mchere umenewo!”

Mpaka lero yankho limeneli limandipsetsa mtima. Zikoti ndinalandira ndithu, chifukwa chomvera mphunzitsi.

Amayi anapukuta misozi, n'kuphula ndiwo zathu, n'kuwasenzetsa abambo pamodzi ndi chitini chija, ulendo wa kwa Abiti Saidi. Ine ndinatsatira, ndikudzisisita. Abambo anayamba kufotokoza za asidi ndi zina zotero, anthu anjala akungowayang'ana. Abiti Saidi anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anati, “Aphunzitsi, tamva. Koma mchere wosadyekawo muupatse dzina lina.”

M'mawa mwake anabweranso kudzacheza ndi amayi, anthu akuona. Abambo sanapepese kwa ine, ndipo anamwalira akuumirirabe kuti sananame. N'zoona, sananame. Koma ndinaphunzira kuti mawu akhoza kukhala oona m'kalasi n'kukagonetsa anthu ndi njala kunyumba.