Chikhothi Changa pa Thupi la Fanuwelo

Chifuwa chinayamba mu Meyi, mphepo yozizira itangoyamba kutsika kuphiri. Ndinkati ndi chimfine cha chaka ndi chaka. Nthawi imeneyo gulu lathu la zisudzo la ku Matawale linali litapeza mwayi umene tinkaulirira kwa zaka, wojambula sewero lanthabwala loti lizionetsedwa pa TV. Ine ndinapatsidwa gawo la mlonda wamantha, ndipo chikhothi chake ndinali nditagula kale pa kaunjika. Ndiye ndinkangomwa madzi a mandimu n'kumapita kokayeserera.

Pofika Juni ndinkadzuka zofunda zili chinyowere ndi thukuta. Lamba ndinamuboola bowo lina, mawu anasasa. Tsiku lina tili mkati moyeserera ndinatsokomola magazi. Achemwali anga a Esinati ndi amene anandikokera kuchipatala. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ananditenga makhololo, anandijambula pachifuwa. Adokotala anati, "Ndi TB, ndipo m'chifuwamu muli madzi. Bambo, munali kuti nthawi yonseyi?" Anandigoneka, madzi aja anawapopa ndi singano ya m'nthiti, n'kundiyambitsa mankhwala a m'mawa uliwonse.

Nditatuluka ndinakakhala kwa achemwali ku Sadzi. Ndinkaswera pa mkeka pabalaza, mawindo ali otsegula monga ananenera anamwino. Alamu anandibweretsera mafilimu pa fulashi kuti ndisamaganize kwambiri. Sabata yoyamba ndinangokhalira amenewo: akarate akalekale amene tinkaonera tili ana, a ku Nigeria, ndi atsopano oikidwa mawu a Chichewa. Koma sindinkaonera ngati munthu. Wina akathamanga ndinkasirira mapapo ake, wina akakuwa ndinkasirira mawu ake. Ine kungopita kubafa ndinkapumira panjira.

Lachisanu madzulo achemwali anachotsa fulashi ija. "Lero pa TV pali sewero la anzanu lija," anatero. Mlonda atatulukira, anali Fanuwelo, mnzanga amene ndinamubweretsa ndekha m'gulu kuti azitinyamulira zipangizo. Anali atavala chikhothi changa chimene ndinachisiya koyeserera. Maondo anawanjenjemeretsa mmene ndinkachitira ine, kenako anawonjezera zake: anathawa mphaka, n'kupereka sawasha kwa wakuba. Achemwali anaseka mpaka kutsetsereka pa mpando. Alamu ankapukuta misozi. Ine ndinatong'ola maso kufuna pamene walakwitsa, koma sindinapapeze, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa singano ija. Chakudya ndinakana, ndinati mankhwala andipatsa nseru.

Mawa lake Fanuwelo anabwera ndi masitiroberi a kuphiri, n'kukhala pakhonde.

"Achimwene, munaona bwanji? Anthutu akundiimitsa m'tauni."

"Sitinaonere, ase. Magetsi anazima."

"Zoona? Ku Matawale analipotu."

Anacheza pang'ono n'kutsazika, nkhope itagwa. Achemwali anadikira kuti atuluke pa geti, ndiyeno anati, "Achimwene, TB yo ndikusamalirani. Nthenda inayi mudzichiza nokha."

Mankhwala ndinamwa miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Mwezi uliwonse ndinkapita kukakwera sikelo ndi kukatenga ena, ndipo achemwali ndi alamu atawayeza anapezeka alibe TB. Pomaliza makhololo anatuluka oyera. Lero thupi linabwerera, mawu anatseguka, ndipo kuphiri ndimakwera wapansi osakhala pamwala.

Gawo lokha silinabwerere. Mlonda ndi Fanuwelo mpaka pano, ine ndimasewera wakuba, wolankhula pang'ono n'kuthawa. Timacheza bwino, koma anthu akamuimitsa m'tauni tili limodzi, ine ndimayang'ana kumbali.

Abale anga, chifuwa chikapitirira milungu iwiri pitani kuchipatala, TB imachizika. Adokotala anandiuza kuti ndikanabwera mu Meyi sakanandigoneka n'komwe. Ndinazengereza poopa kuti gawo langa alipereka kwa wina, osadziwa kuti ndikulipereka ndi manja anga.